Tsiku Lomwe Kompyuta Inachira

"Vuto ndi aka, alamu," anatero Medson, mng'ono wa amuna a Edness, akuzula kachitsulo kakuda m'mimba mwa kompyuta. "Memole, posungira zinthu paja, yatha. Kakangotentha, zonse zimaima."

Edness anangogwedeza mutu. Chigulireni kompyutayi mu 1986, amuna ake, a Stafford, akaweruka kuntchito ku Foggy Bottom ankangofikira kudzitsekera nayo m'chipinda. Ankatuluka pokhapokha ikazima, n'kudzakhala patebulo akuitukwana, ana n'kumaseka. Apo pokha ndi pomwe anawo ankawaona bambo awo.

Medson anaikamo katsopano, n'kuyatsa.

"Basi, yachira. Ngakhale achimwene achezere nayo, sizimanso."

"Mwatithandiza, alamu," anatero Edness motsitsa mawu.

Madzulo ake anawapakulira amuna ake chakudya, n'kuchivundikira ndi mbale.