Mzere wa Anthu Akufa

Pa ofesi ya penshoni panali mizere iwiri m'mawa umenewo: wa amoyo ndi wa akufa. Wa akufawo ndi umene unali wautali, komanso waphokoso.

Dongosolo latsopano litabwera, mafayilo onse akale, a kuntchito, a kuzipatala ndi a kolembetsa imfa, anawathira m'kompyuta imodzi kuti agwire mizukwa yomwe inkadya penshoni. Kompyutayo inagwiradi ntchito ndi mtima wonse, mpaka inapha ndi amoyo omwe. Ophedwawo anauzidwa kuti pofika Lachisanu abwere adzatsutse okha. Wolephera, penshoni yake ithera pomwepo. Tsikuli linali Lachisanu.

A Sitampa anali achisanu ndi chiwiri pamzere wa akufawo. Dzinali anawapatsa ndi anzawo ku positi, kumene anadinda makalata zaka makumi atatu ndi zinayi, moti mpaka lero dzanja lawo lamanja limagogoda lokha patebulo. Jekete linkawalendewera m'mapewa ngati lobwereka. Miyezi itatu inali itadutsa penshoni osalowa, ndipo akazi awo anali atayamba kudula pakati mapiritsi awo a mtima kuti afike patali.

Mtimawo unali wodwala, koma pakamwa panali pabwinobwino. Mayiwo, amene anaperekeza amuna awo tsikulo, analankhula pamzere, analankhula pa benchi, ndipo pofika pa windo lilime linali litatentha kale.

"Mwanawe, tawayang'ana bambowa," anatero kwa kalaliki. "Maliro amachita mkonono? Maliro amadandaula za mchere? Zaka makumi anayi ndikuwachapira ine, lero undiuze kuti ndinakwatiwa ndi mzukwa?"

Akufa onse anaseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mayi, mumufunsenso kuti anatiika manda ati, tikaoneko!"

Kalalikiyo anali mtsikana wamaso otopa. Chifikireni m'mawa anali ataukitsa kale anthu asanu ndi mmodzi, osadya kanthu. Anasindikiza chikalata cha imfa n'kuwawerengera. Chinkati a Sitampa anamwalira ali mnyamata, asanayambe n'komwe ntchito.

"Ha! Ndiye makalata onse aja ankadinda ndani?" anatero mayiwo, akutembenukira kumzere kuti alandire chiseko chawo. Anachilandira.

A Sitampa okha sanaseke. Anali munthu wa mawu ochepa kuyambira kale. Ena ankati ndi khalidwe, ena ankati m'nyumbamo sanapatsidwepo mpata.

"Musadandaule, mayi," anatero kalaliki. "Makinawa akhala akunama sabata yonse. Kajambulitseni chikalata chanu cha ukwati pa kashopu ka patsidya pa msewu. Agogowa angosayina fomu iyi, basi. Mwezi uno ndalama zilowa."

Mayiwo ananyamula chikwama n'kutuluka ngati munthu wopambana mlandu. Pakhomo anaimanso kuti auze mlonda maganizo awo pa za makompyuta.

Fomuyo inali ya tsamba limodzi. A Sitampa anatulutsa magalasi, omwe mwendo umodzi unali womangidwa ndi waya, n'kuyamba kuwerenga ndi chala, mzere ndi mzere, monga ankachitira ndi makalata a adilesi zovuta. Panalembedwa kuti: Ndikulumbira kuti munthu wotchulidwa pa chikalata cha imfa ichi sanamwalire.

Anawerenganso kachiwiri. Kumbuyo akufa anayamba kung'ung'udza kuti nawonso ali ndi zochita. Kalaliki anawakankhira cholembera pansi pa galasi ndi kuwalozera posayina.

"Ndikasayina, mwanawe, pepala la imfali mulitani?"

"Tilifufuta, agogo. Zikhala ngati sizinachitike n'komwe."

Dzanja logogoda lija linakhala phee. A Sitampa anayang'ana kukhomo, kenako anayandikitsa pakamwa pa kabowo ka windo, n'kubweza cholemberacho pang'onopang'ono.

"Ndiye sindingathe. Manda amenewa ndinakumba nawo ndine. Anali achimwene anga. Kalata yowaitana kukayamba ntchito ku positi inafika tikuchokera kowaika, mayi athu n'kundiuza kuti nditenge dzina la malemuwo ndipite, ana asagone ndi njala. Dzina ndinawalanda, ntchito ndinawalanda, ndiwalandenso imfa yawo? Akazi angawo akabwera, uwauze kuti makina avuta."