Douzhi wa Mayi Guan

Mbale yoyamba Liao Bin anaimwa akumwetulira. Kunena zoona, m'mawa umenewo mnyamatayu akanamwa ngakhale madzi otsukira miphika, poti chimwemwe chinali chitamuzunguza mutu. Dzulo lake anali atatsika sitima kuchokera kwawo ku Liuzhou, n'kugona koyamba mu Beijing, m'kachipinda ka alendo kwa makolo a Shanshan, bwenzi lake. Kutacha anamva nkhunda zikuuluka ndi timawenzulo tawo takumchira pamwamba pa madenga otuwa, anaona Nsanja ya Ng'oma ikusuzumira kuseri kwa mpanda, nayamba kuseka yekha ngati wapenga. Masana Shanshan akamuonetsa nyumba za mafumu akale. Madzulo iye apempha ukwati.

Koma pakati pa iye ndi ukwatiwo panali douzhi.

Ife obadwira muno takulira msuzi wosasa wa mphodza umenewu, wotuwa mobiriwira, womwa uli wotentha, ndipo timaufera. Alendo amati umanunkha ngati nsanza yokolopera. Zawo izo. Shanshan anali atamuchenjezeratu mnzakeyo ali m'njira. Amayi ake, Mayi Guan, amawiritsa douzhi m'mawa uliwonse. Abambo ake, Bambo Meng, chikwatirane sanabwezepo mbale ili ndi dontho. Ndipo mnyamata wina amene anabwerapo kale atakwinya nkhope Mayi Guan akuona, Bambo Meng anadzuka okha n'kukamutsegulira chipata.

Tsono Bambo Meng anali pomwepo pabwalo, pampando wawo wansungwi, mbale ili pabondo. Malo awo anali amodzi masiku onse, pafupi ndi chimphika chomwe munali mtengo wawo wa makangaza. Mtengo umenewo unali wodziwika m'kanjira kawo konse. Zipatso zake zinkakula kuposa nkhonya ya munthu wamkulu, ndipo anansi akafunsa chinsinsi, mwini wake ankangoyang'ana kumwamba. Chifikire Liao, mdalayo anali atamuyankhula kamodzi kokha. "Gwira uko," anatero dzulo lakelo, akukoka mphika wina watsopano wokhala ndi kamtengo kanthete. Anauika pambali pa kampando komwe Liao anakhalapo tsopano.

Mnyamata uja anaika mbale pansi. Akanangothokoza n'kukhala chete. Koma munthu wokondwa ali ndi pakamwa potayirira.

"Azakhali, ichi ndiye chakumwa!" anafuula. "Kwathu kuja tikungokhala, sitidziwa kanthu!"

Mayi Guan anaomba m'manja. "Wamva, mdala Meng? Mwana wa kummwera ameneyu! Bweretsa mbaleyo mwanawe, pano si pochita manyazi."

Shanshan anamuponda chala pansi pa tebulo, koma chipande chinali chitamira kale mumphika.

Mbale yachiwiri inatsika ndi misozi. Liao anati ndi nthunzi. Anatafuna timikate tokazinga, anabwira ndiwo zamchere, koma fungo lija linali litamanga msasa kukhosi. Atakweza maso anapeza Bambo Meng akumuyang'anitsitsa, osaphethira, nkhope ili gwa. Mantha anamugwira. Kodi aona? Kodi mdalayu wadziwa kuti ndikunama? Pofuna kukonza zinthu, anatukula chala chachikulu n'kunyambita milomo mokweza.

Ayi ndithu, tsoka sasimba. Mbale yachitatu inadzazidwa mpaka m'milomo.

"Timikate tatha," anatero Mayi Guan, nkhope ikuwala ngati ya mtsikana. "Shanshan, tiye ukandithandize. Mlendo wotere sabwera kawiri."

Analowa kukhitchini. Pabwalo panatsala amuna awiri ndi mbale zawo.

Liao anayang'ana msuzi uja, msuziwo n'kumuyang'ananso. Anadziwa kuti akangomwako pang'ono, zonse zam'mimba zibwerera pomwepo, pamaso pa bambo a mkazi amene ankamufuna kuposa mpweya. Akausiya, chipata chija chimutsegukira. Anaganiza za mabotolo a mowa amene ananyamula ngati mphatso, za mawu amene anawaloweza m'sitima monse, za Shanshan akuseka pa siteshoni. Mtima unamupweteka. Ulendo wonsewu uthere m'mbale ya mphodza?

Anaponya diso kumbali. Bambo Meng anali atatsamira kumpando, maso ali tsinzinu, dzuwa likuwawomba pamphumi. Chimphika cha makangaza chinali apo, chotakata kukamwa, dothi lake lakuda ndi lonyowa. Kamphika katsopano kaja anakaona kuti n'kakang'ono, msuzi ungaonekere pamwamba. Anasendera pang'onopang'ono, atagwira mpweya, natambasula dzanja, mbale n'kuyamba kupendekeka.

Dzanja louma linamugwira pamkono, gwi!

Maso a mdala anali otsegula. Kukhitchini mafuta ankathetheka, Shanshan akuimba kanyimbo, osadziwa kuti ukwati wake wafera pabwalo. Mnyamatayo anayamba kupepesa.

"Amalume, ine... ndimati..."

"Khala chete, angamve," ananong'ona Bambo Meng. Anasuzumira kukhitchini, kenako anatenga mbale yawo, yodzaza monga mmene anailandirira, naikhuthulira patsinde la makangaza mwaluso, osadontheza ngakhale pang'ono.

"Uwu ndi mtengo wanga. Nanenso muno ndinabwera pa sitima, ndipo chinthuchi sichinanditsikepo kukhosi." Analoza kamphika katsopano kaja ndi chibwano. "Wako ndi uwo, mkamwini. Ukuganiza ndinaugulira chiyani? Fulumira, akubwera."