Chithunzi cha mayi wogona pa desiki

Panali munthu wina wokonza mafoni amene anthu ankangomutchula kuti Nkhwangwa. Amene anandiuza nkhaniyi ankakonzetsa foni kwa iyeyo, ndipo akulumbira kuti zinachitikadi.

Boma latsopano litalengeza kuti lichepetsa ndalama zomwe limagwiritsa ntchito, ndipo antchito ena achotsedwa, pa intaneti panabuka nkhondo. Ena ankati chuma chikonzeka, ena ankati olira ndi amphawi. Posakhalitsa mfundo zinatha, kunatsala kutukwanana. Mkuluyu ndiye ankatsogolera mbali yofuna kuti anthu achotsedwe. Aliyense womutsutsa ankamuyankha kuti, "Ukudya nawo, mbava iwe! Nkhwangwa idutse basi!" Dzina lija linachokera pamenepo. Mafoni a makasitomala ankachita fumbi pa tebulo, iye ali kalikiliki kulemba, ngati nduna ya zachuma ndi malume ake.

Nthawi imeneyo bambo ake anali atagonekedwa m'chipatala, atafa ziwalo mbali imodzi. Iye ndi mlongo wake, yemwe ankasunga mafaelo mu ofesi ina ya boma, anapangana zoti azisinthana kugona kuchipatalako. Koma likafika tsiku lake, Nkhwangwa ankaimba foni.

"Chemwali, tandigwirira lero lokha. Ndapanikizika."

"Achimwene, lero lokha wanuyo satha? Ine mawa ndilawirira kuntchito."

"Ntchito yake iti? Ya m'boma ija, yongowotha mpando?"

Mlongoyo ankangodula foni n'kupita. Akanatani, poti wodwalayo anali womubereka.

Tsiku lina munthu wosamudziwa, wodzitcha Mzika Yokwiya, anatumizira Nkhwangwa chithunzi. Chinali cha mayi wina atagona tulo pa desiki, mutu uli pamikono, atavala jekete lachimuna. Anamujambula chakumbuyo, nkhope sinkaoneka.

"Akuluakulu, inu muli ndi okutsatirani ambiri," analemba munthuyo, n'kutchula dzina la ofesiyo. "Chiponyeni dziko lione kumene misonkho yathu ikuthera."

Dzina la ofesi ya mlongo wake Nkhwangwa sankalidziwa n'komwe. Kwa iye boma linali boma basi. Anaonetsa mkazi wake chithunzicho uku akuseka chikhakhali.

"Bambo a mwana, mayiyu mukumudziwa?" anafunsa mkaziyo. "Nanga wakutumiziraniyo? Bwanji osachiponya yekha? Ameneyutu akufuna kuphera njoka ndi dzanja lanu."

"Iwe za chuma cha dziko ukudziwapo chiyani? Usandisokose!"

Anachiponya, n'kulemba pamwamba kuti, "Onani nkhupakupa zoyamwa misonkho yathu. Ameneyu achoke lero lomwe!"

Anthu anachilumphira ngati ntchentche. Ena ankamutcha mayiyo mlesi, ena wakuba, ena kutukwana ngakhale makolo ake. Munthu mmodzi yekha analemba kuti, "Mwina akudwala, tisafulumire." Nkhwangwa anamuyankha kuti, "Akadwale kwawo, osati pa misonkho yanga." Anthu anaseka, iye n'kumadzimva kuti ndi dolo. Ine zinandinyansa nditamva pamenepa.

Patapita masiku, mkazi wake atamuumiriza, Nkhwangwa anapita kukazonda bambo ake masana, atanyamula timalalanje. Anadabwa kupeza mlongo wake ali pambali pa bedi akumwetsa wodwalayo madzi, chonsecho linali tsiku la ntchito.

"Mwaona? Anthu a m'boma inu! Lero wadzipatsa tchuthi?"

Mlongoyo anangotsegula foni yake n'kumupatsa. Chinali chithunzi chija.

"Chikulitseni, achimwene. Si inu katswiri wa mafoni?"

Anachikulitsa ndi zala ziwiri. Pa chigongono cha jeketelo panali chigamba chabulawuni. Bambo aja anasuzumira, n'kulankhula movutikira.

"Jekete langa ilo. Ndinamubwereka ndine. Kunkazizira, ndipo anachoka pano osagona."

Malalanje aja anagwa pansi.

"Ndimeneyo nkhupakupa yanu," anatero mlongoyo. "Tsiku limenelo linali lanu logona kuno. Ndinachezera kutembenuza bambo, kutacha n'kulunjika kuofesi. Ndinangoti nditsamire pang'ono nthawi yopuma."

"Chemwali, sindinadziwe kuti..."

"Mukanadziwa bwanji? Kuofesi kwanga munapondako? M'chipinda mwathu tinalimo awiri, ndipo anatiuza kuti atsala mmodzi. Wokutumizirani chithunzicho ndi mnzangayo, amene amakhala kumbuyo kwanga. Abwana ataona chithunzi chili ponseponse sanavutikenso kusankha. Iye ali pantchito, ine ndi ana anga tili panja."

"Ndichifufuta pompano!"

"Fufutani. Mufufutanso m'mafoni a anthu onse aja? Mufufuta zimene anatukwana bambowa, ali chigonere pano?"

Nkhwangwa anagwada pambali pa bedi. "Bambo, ndikhululukireni."

Bambo aja anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha mwana wawo wamkazi kuti awatembenuzire kukhoma. Mlongoyo anawatembenuza bwinobwino monga anazolowera, n'kuwafunditsa jekete lomwe lija.

"Pitani, achimwene, dziko likukudikirani," anatero osamuyang'ana. "Za kusinthana musadandaule nazonso. Tsopano ndili ndi nthawi yambiri."

Mkuluyo anatuluka mutu uli pansi. M'thumba mwake foni inkangonjenjemera, anthu akumuyamikirabe kuti wagwira ntchito yabwino.

Phunziro: Kukangana za kayendetsedwe ka chuma si mlandu, mbali iliyonse imene uli. Koma usalole mkwiyo wako kukhala chida cha munthu amene sukumudziwa, ndipo usaweruze munthu ndi chithunzi chimodzi. Amene ukufuula kuti achotsedweyo ali ndi kwawo, ndipo mwina kwawoko ndi kwanu. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Tumizirani nkhaniyi abale anu ndi magulu onse amene mumakanganamo, ena aiwerenge chala chisanadine.