Aluto ya Mayi Mwafulirwa

"Mayi, mwandichititsa manyazi!" anatero Tisunge m'basi yobwerera kunyumba kwawo ku Maryhill.

Linali tsiku lake loyamba kuyimba yekha mu opera, sewero la nyimbo zokhazokha. Atayambitsa nyimbo, anzake makumi atatu anangoima duu kumbuyo kwake, monga anawauzira mkulu wa sewerolo. Mayi ake, Mayi Mwafulirwa, otsogolera kwaya ya Mvano, anapirira mizere iwiri, kenaka anaimirira pakati pa oonera n'kuthirapo aluto yawo.

"Anthu onse aja kukusiya wekha ngati unawalakwira?" anatero mayiwo. "Kwathu nyimbo timalandizana."

"Koma ndi ya Chitaliyana, Mayi!"

"Aluto siifuna mawu."

Loweruka nyuzipepala inayamikira kampani ya operayo chifukwa cha nzeru yobisa woyimba pakati pa oonera. Za Tisunge inangoti anayesetsa.