Khadi la Ulusi Wakuda

Panali mayi wina ku Kandeu, dzina lake Ida, munthu wosauzika. Mlamu wake Selestina ankapanga makhadi a mafuno abwino, luso limene anaphunzira kwa mphunzitsi wa ku Japan amene anakhalapo ku Kandeuko. Ankapinda timbalame ta pepala, n'kumanga khadi ndi ulusi, n'kukopera zilembo zachijapani. Ida ankangoti ndi masewera a anthu osowa chochita.

Mwana wa Ida, Nathan, anapita kukaphunzira ku Japan ndipo anapezako mbeta. Uthenga unabwera woti mtsikanayo akubwera ndi bambo ake kudzaona kwawo kwa mwamuna. Bambowo anali atangotuluka m'chipatala, koma anaumirira kuti ukwati sauvomera asanaone banjalo ndi maso awo.

Apa Ida anakumbukira makhadi aja. Kupempha kunamukanika. Anangopita kwa Selestina, n'kufwanthula m'katoni ya zitsanzo, n'kusankha loyera lomangidwa ndi ulusi wakuda ndi woyera.

"Alamu, limenelo ayi," anatero Selestina. "Ulusi wakuda ndi woyera kwawoko ndi wa maliro. Wa ukwati ndi wofiira ndi woyera. Dikirani ndikupangireni."

"Mundiphunzitse ndinu, osafika ndi Sitandade 6 komwe? Nsanje basi, poti mwana wanu sanakwerepo ndege. Zofiirazo n'zachimidzi."

Selestina anangoti, "Chabwino, alamu."

Ida anakopera khadi lija bwinobwino, ulusi ndi zilembo zomwe, osadziwa kuti zikuti chiyani. Tsikulo litafika anavala chilundu chatsopano, anagwada pamaso pa anthu, n'kupereka khadilo kwa bambo a mtsikanayo ndi manja awiri.

"Asewere, landirani. Ndapanga ndekha, popanda wondithandiza."

Mkuluyo analiyang'ana nthawi yaitali. Mtsikana atasuzumira anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Zilembo zija zinali zimene amalemba popereka chipepeso kwa mzimu wa womwalira. Munthu wodwala, wabwera ulendo wonsewo, n'kumulandira ndi khadi la maliro ake omwe!

Nathan, amene anabwera ndi alendowo, anayesa kupepesa, koma amayi ake anali atanena kale pagulu kuti palibe anawathandiza. Mkuluyo anawerama mwaulemu, anaika khadilo m'thumba, ndipo alendowo sanadye n'komwe. Ida anayamba kulalata kuti Selestina anamutchera msampha, koma amene anamva chenjezo lija analipo ambiri.

Patatha miyezi itatu mkulu uja anamwalira. Mtsikanayo anati sangathe kulowa m'banja limene linalosera bambo ake imfa, ukwati n'kuthera pomwepo. Nathan anaimba foni kamodzi kokha.

"Amayi, khadi lanu lija lagwira ntchito. Zikomo."

Mpaka lero sanawaimbirenso amayi ake, amangoimbira Selestina, ndipo kumudzi sabwera. Ida akamva kuti foni ya Selestina yalira ndi nambala yakunja, amakaima kuseri kwa mpanda kuti amveko mawu a mwana wake.

Phunziro: Musamanyoze wokuchenjezani chifukwa choti sanapite patali ndi sukulu, ndipo chinthu chimene simukudziwa tanthauzo lake musachipereke kwa munthu. Kufunsa sikuchotsa ulemu. Tumizirani ena, makamaka aja osauzika.