Bouchaib Anasaina Yekha

Panali munthu wina mumzinda wa Tanja, dzina lake Bouchaib, wowotcherera zitseko pa fakitale ina ya magalimoto. Ife amene tinagwira naye ntchito, nkhani yake imatiwawabe mpaka lero.

Chaka chimenecho mabwana anawonjezera liwiro la lamba woyendetsa magalimoto, moti munthu sankapeza mpata ngakhale wopita kuchimbudzi. Poti Bouchaib anali katswiri poyankhula, anzake anamusankha kukhala mmodzi mwa atsogoleri asanu a bungwe la ogwira ntchito. Anthu ankafuna zinthu ziwiri basi: liwiro la lamba lichepe, ndipo aganyu makumi anayi amene anali atagwira zaka zitatu alembedwe ntchito yokhazikika. Mabwana anakana. Anthu ananyanyala ntchito.

Mwa atsogoleriwo munali Mayi Hafida, osoka mipando, amene anaonapo sitiraka zitatu. Tsiku loyamba anamukokera Bouchaib pambali.

"Mwana wanga, pakamwa uli napo, koma undimvere. Kwa mabwana timalowa tonse asanu. Pepala lililonse timayamba taliwerenga pageti, aliyense akumva. Usadzasaine kanthu uli wekha."

"Mayi, ine si mwana. Anthu amenewa ndimawadziwa."

Kwa masiku khumi ndi awiri anthu anakhala pageti, padzuwa, akugawana buledi, maolivi ndi tiyi. Kudoko sitima inkadikira magalimoto amene sankabwera. Mabwana anayamba kusowa mtendere.

Lachisanu, Bouchaib akutuluka mumzikiti, bambo wina wovala suti anamupatsa moni ndi manja awiri. Anati dzina lake ndi Si Mourad, mkhalapakati wotumidwa ndi eni kampani. Anamutengera kuhotela kukadya chakudya chotchedwa kusikusi.

"Achimwene, anzanu anayi aja ndi phokoso lokhalokha," anatero Si Mourad. "Ngakhale eni ake akudziwa kuti mtsogoleri ndinu. Zonse avomera."

Anatulutsa mapepala anayi olembedwa m'Chifalansa cha maloya. Bouchaib anayesa kuwerenga mizere iwiri, mutu unazungulira.

"Za lamba zilimo?"

"Zilimo."

"Nanga za aganyu?"

"Aa, achimwene! Ndingakunamizeni tsiku Lachisanu, tikuchokera kumene kopemphera? Sainani apa kuti sitiraka yatha. Tikadikira mawa, eni ake asintha maganizo."

Bouchaib anatulutsa foni kuti aimbire Mayi Hafida. Si Mourad anaseka.

"Kani munthu wamkulu ngati inu mumayamba mwapempha chilolezo kwa mayi wosoka mipando?"

Bouchaib anabweza foni m'thumba, nasaina.

Atafika pageti anakwera pa mgolo n'kufuula kuti, "Tapambana!" Anthu anamunyamula pamapewa, azimayi akululutira. Mayi Hafida anadzipanikiza mpaka kutsogolo.

"Pepala lili kuti? Tiliwerenge kaye!"

"Amayi, nsanje ikuphani!" wina anakuwa, anthu n'kuseka.

Anthu anali atatopa, kunyumba ana ankafunsa chakudya. Lolemba onse analowa. Anagwira ntchito ndi mtima wonse, mpaka maola owonjezera, ndipo sabata isanathe sitima inadzaza n'kunyamuka.

Koma lamba sanachepe liwiro. Mwezi utatha, aganyu makumi anayi aja anapeza makadi awo sakutsegulanso geti. Mmodzi mwa iwo anali Lahcen, mwamuna wa mlongo wake wa Bouchaib, ndipo mlongoyo anali woyembekezera.

"Alamu, si inu munati tapambana?" anafunsa Lahcen, kadi lili m'manja. "Ndikanene chiyani kunyumba?"

Bouchaib anaimbira Si Mourad, foni inali yothima. Anathamangira ku ofesi kukamufunsa. Mlembi anangoti, "Amene aja? Tinangowapatsa ganyu ya sabata imodzi. Anapita."

Mayi Hafida anatenga mapepala aja kupita nawo kwa loya wa bungwe, Bouchaib akutsatira m'mbuyo. Loyayo anawerenga mokweza. Pa za lamba panalembedwa kuti kampani idzaganizira. Pa za aganyu, kampani idzaganiziranso. Kenako anapitiriza kuwerenga chamumtima, n'kugwira mutu.

"Mukanapanda kulowa, pepalali tikanalikana, poti wasaina ndi munthu mmodzi. Koma munalowa nonse mukuimba. Kukhoti anena kuti munavomereza, ndipo mlandu wake utenga zaka. Komanso tsamba lachitatuli..."

Bouchaib sanadikire kumva. Anatuluka magazi akuwira.

M'mawa mwake anaima pageti, manja atatambasula.

"Abale, atipusitsa! Lero pasalowe munthu!"

Anthu ankangomulambalala, nkhope zili pansi. Wina anamuuza kuti, "Ukasainenso, bwana mtsogoleri." Mayi Hafida anafika akupuma wefuwefu.

"Choka pageti, mwana iwe! Loya sanamalize dzulo!"

"Mayi, lero musanditsekereze!"

Bouchaib anakhala pomwepo mpaka masana, ali ndi anthu asanu ndi awiri okha. Kenako alonda anabwera kudzawatenga onse kupita nawo ku ofesi. Bwana woyang'anira antchito anawapatsa makalata owachotsa ntchito.

"Pa mlandu wanji?" anakalipa Bouchaib. "Kunyanyala ntchito ndi ufulu wathu!"

"Pangano likuti kwa zaka ziwiri palibe sitiraka, ndipo woyambitsa aliyense achotsedwe tsiku lomwelo."

"Ndi chitsiru chanji chinavomera zimenezo?"

Bwanayo anangotembenuza tsamba lachitatu, n'kuika chala pa siginecha ya Bouchaib.

Phunziro: Ukasankhidwa kuyankhulira anzako, dzanja lako silikhalanso lako wekha. Mlendo akayamba kukuyamika n'kumanyoza anzako, dziwa kuti akufuna ukhale wekha. Usasaine chimene sunawerenge, ndipo usathetse wekha nkhondo imene munayamba muli ambiri. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene amagwira ntchito yolembedwa, makamaka atsogoleri a mabungwe, aiwerenge asanagwire cholembera.