Chikhato cha a Zimpita

Lamulo la matabwa litafika m'mudzi, khomo lililonse linapereka kuboma katundu yense wa mtengo wolimba. Kwa Nangozo anadzanyamula piyano yaikulu ya miyendo itatu, imene amishoni anasiyira bambo ake. M'malo mwake anamupatsa kachipangizo kamagetsi, kopyapyala ngati mkeka.

"Kamalira chimodzimodzi, mayi," anatero mkulu wa boma amene anakabweretsa. "Makina anajambula nsambo iliyonse. Palibe khutu lingasiyanitse."

Sananame. Nangozo atayesa, ngakhale kiyi ija yosasa mawu inasasa ngati kale.

Koma amuna ake, a Zimpita, makutu anagontha kalekale. Iwo nyimbo ankaimvera m'dzanja. Ankaika chikhato pathabwa la piyano, thabwalo n'kumanjenjemera mpaka kuwafika m'chifuwa.

Lamulungu masana a Zimpita anakoka mpando wapulasitiki, n'kuika chikhato pakachipangizo kaja. Nangozo anaimba nyimbo ya paukwati wawo mpaka kumapeto, akumenya makiyi mwamphamvu mpaka zala kuwawa, mumtima akutukwana mkulu uja ndi makina ake omwe.

Atamaliza, a Zimpita anamuyang'ana, dzanja lili pomwepo.

"Tayambanitu, Nangozo. Ine ndikudikira."